Batani lochepetsa kuwala

Tochi zambiri zimene mavenda amayala pa msika wa Lizulu kapena m'maokala a pa boma la Ntcheu zili ndi batani limodzi lokha, koma batanilo limagwira ntchito zingapo. Ukadina koyamba, tochi imayaka ndi mphamvu zake zonse, moti ngakhale masana wogulitsa amatha kukuonetsa kadontho koyera pa khoma la golosale ya patsidya pa msewu. Ukadinanso, kuwala kumatsika. Kachitatu imayamba kuphethiraphethira ngati galimoto ya apolisi, ndipo zina zili ndi kachinayi: kuphethira katatu mofulumira, katatu mochedwa, katatunso mofulumira, chizindikiro cha SOS chimene amalinyero ankaitanira thandizo panyanja, ngakhale ku Tsangano kulibe nyanja yoti munthu n'kumiramo. Wogula sataya nthawi ndi zonsezi. Funso lake limakhala limodzi: "Imafika pati imeneyi?" Palibe amene amafunsa kuti imatsika mpaka pati. Funso losafunsidwali ndi limene ndikufuna kulilondola, chifukwa m'kati mwake muli nkhani yaikulu kuposa ya mabatire. Kodi kuwala kukachuluka ndiye kuti zinthu zakoma nthawi zonse? Ine ndikuti ayi. Kuwala kuli ndi muyezo wake ndiponso koyenera kuloza, ndipo munthu amene sadziwa kuchepetsa sanaphunzire kuunika.

Tochi yalowa m'nyumba zathu mofulumira kuposa mmene maganizo athu aitsatira. Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2008, mabanja oposa 8 mwa 10 aliwonse m'Malawi ankaunikira palafini. Pofika kalembera wa 2018, oposa theka anali akuunikira mabatire, magetsi anali m'nyumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo palafini anali atatsala m'nyumba zowerengeka. Koloboyi anagonja pa zifukwa ziwiri. Palafini anakwera mtengo n'kuyamba kusowa, makamaka pa nthawi ya mavuto a mafuta a 2011 ndi 2012, ndipo nthawi yomweyo kunasefukira matochi otchipa a ku China a timababu ta LED. Timababuti tinatheka chifukwa cha ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan, amene anatulukira LED yowala mwabuluu ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Tochi yakale ya babu wagalasi inkamwa mabatire a Tiger Head pa masiku ochepa, ndipo inkadziwa zinthu ziwiri basi, kuyaka ndi kuthima. Koma tisaiwale kuti agogo athu ankadziwa zoposa pamenepo. Nyali yagalasi inali ndi kachitsulo kopotokolera chingwe, ndipo mayi aliyense ankadziwa potsitsira mwana akagona, pokwezera akamasankha nyemba, ndi poisiya ikungonyeka usiku wonse m'nyumba mukakhala wodwala. Nzeru imeneyi tinaitaya pamene tinayamba kulankhula chinenero cha ESCOM, chakuti magetsi ayaka kapena magetsi athima. Ulaliki wathu nawonso nthawi zambiri umayenda momwemo: kuwala mbali iyi, mdima mbali iyo, pakati palibe kanthu.

Chonsecho diso lenileni siligwira ntchito motero. Munthu akatuluka m'nyumba yowala n'kulowa mumdima wa ndiweyani, poyamba saona chilichonse, koma akadekha mphindi 20 kapena 30 maso amazolowera, n'kuyamba kusiyanitsa njira ndi thengo, tsindwi la khola ndi mtengo wa mango. Luso limene latenga theka la ola kuti libwere limatha pa kamphindi wina akakuthobwa m'maso ndi tochi. Ndiponso woyenda ndi tochi yamphamvu amaona bwino kwambiri kachigawo kamene waloza, koma zonse za m'mbali zimada bii kuposa kale, moti fisi kapena wakuba amene ali mikono isanu kumanzere kwake amabisika bwino chifukwa cha tochi yomweyo. Palinso china chimene opanga matochi amachidziwa. Kuti kuwala kuoneke ngati kwawirikiza kawiri, pamafunika kukuchulukitsa pafupifupi kanayi. Tanthauzo lake n'lakuti ukatsitsa tochi kufika pa gawo limodzi la magawo anayi a mphamvu zake, diso limamva ngati wataya theka lokha, pamene mabatire amakhala nthawi yaitali kanayi kapena kuposa, poti LED imadya moto mosamala ikamayaka pang'ono. Matochi ambiri otchipa amachepetsa kuwala mwa kuyatsa ndi kuthimitsa kababu kambirimbiri pa sekondi imodzi, mofulumira moti diso silizindikira. Ukaloza tochi yotere pa mvula, madontho amaoneka odukaduka ngati mikanda. Akuluakulu ananena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya usiku sayansi ya maso ikuvomereza.

Koma nkhani yaikulu ili pa anthu awiri okumana panjira. Tochi si dzuwa, limene limawalira onse mofanana. Amene wagwira tochi amaona, koma iye saoneka. Amene waunikidwa amaoneka yense, zigamba za malaya ndi zimene wasenza, koma iye saona kalikonse, ngakhale nkhope ya amene akumufunsa kuti "Ndani?" Pa mphindi imeneyo wina wasanduka woweruza, wina woimbidwa mlandu, pamene palibe amene wapalamula. N'chifukwa chake m'midzi ya kwa Gomani, monganso kwina konse, mwana amene waunika munthu wamkulu kumaso amadzudzulidwa ngati watukwana. Wamakhalidwe amaloza pansi, kumapazi, n'kupereka moni, kuti mawu ndiwo aulule munthu: "Kodi ndi aNgozo? Zikomo, bambo, pitani bwino." Mwambowu unalipo tochi isanabwere. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake amapatuka panjira n'kuyang'ana kumbali, osati chifukwa apongoziwo ali ndi chobisa, koma chifukwa pali anthu amene suwayang'anitsitsa. Pasiwa, amayi akamagona mothithikana m'nyumba ya maliro, wofuna chitenje chake amaphimba tochi ndi chikhatho, kuwala n'kumatulukira m'mipata ya zala, kofiirira, kongokwanira kuti asaponde mnzake. Ngakhale lamulo la pamsewu limadziwa zimenezi. Dalaivala wotsika kuchokera ku Lizulu pa msewu wa M1 usiku ayenera kutsitsa magetsi akaona mnzake akubwera kutsogolo, chifukwa magetsi amene akumuthandiza iye kuona ndi omwewo amene angagwetsere mnzakeyo kuphompho.

Wokhulupirira anganene kuti zonsezi n'zabwino pa nkhani ya ulemu, koma pa za Mulungu kuwala sikuchepetsedwa. Uthenga umene unafika ku Nzama ndi ansembe a Montfort mu 1901, ndiponso ku Mlanda ndi amishoni a Dutch Reformed, umatchula Mulungu kuti ndiye kuwala, ndipo Yesu anachenjeza za kuvundikira nyale. Izi n'zoona. Koma Baibulo lomwelo likamafotokoza mmene kuwalako kumafikira munthu, pafupifupi nthawi zonse limaonetsa Mulungu akutsitsa. Mose atapempha kuona ulemerero wake, nkhani ya pa Eksodo 33 imati anaikidwa m'phanga la thanthwe n'kuphimbidwa, ndipo anangoona kumbuyo kokha. Mose yemweyo atatsika m'phiri nkhope ikunyezimira, ankaiphimba ndi nsalu chifukwa anthu ankaopa kumuyandikira. Saulo, amene anakumana ndi kuwala kosachepetsedwa pa njira ya ku Damasiko, anakhala masiku atatu wosaona, ndipo panafunika munthu wamba, Hananiya, kuti maso ake atseguke. Wolemba Salimo 119 sanafanizire mawu a Mulungu ndi dzuwa la masana, koma ndi nyale ya woyenda usiku, imene imangoonetsa poponda. John Calvin, amene mpingo wa CCAP unatengako chiphunzitso chake, ankaphunzitsa kuti Mulungu amadzichepetsa polankhula nafe monga mlezi amachitira chibwibwi dala polankhula ndi khanda. Ngati zili choncho, kuchepetsa kuwala si kugonjera mdima. Ndi khalidwe la Mulungu mwini pamene akufuna kuti munthu aone, osati achite khungu.

Ndipo pamene kuwala kwaloza pa tchimo la munthu, nkhani za m'Malemba zimapendekera mbali yomwe ija. Nowa ataledzera n'kugona wosavala, mwana amene anaona n'kukafalitsa sanatamandidwe ngakhale ananena zoona. Otamandidwa ndi Semu ndi Yafeti, amene analowa chafutambuyo ndi nsalu. Yosefe atadziwa kuti Mariya ali ndi pakati anaganiza zomuleka mwakachetechete kuti asamuchititse manyazi, ndipo Mateyu amati anachita zimenezo chifukwa anali wolungama. Pa Yohane 8, amene anaimika mkazi wogwidwa m'chigololo pakati pa khamu anali ndi umboni wokwanira, koma mwamuna amene anali naye sanaoneke, ndipo Yesu anatembenuzira nkhaniyo kwa ogwira miyala. Asilamu nawonso ali ndi chiphunzitso chofanana, poti Sura 49 ya Qur'an imaletsa kufufuza zobisika za anthu ndi miseche. Poona zimenezi, mwambo wa m'mipingo ina woimiritsa mtsikana woyembekezera pamaso pa mpingo wonse, dzina lake n'kuwerengedwa kuti wadulidwa, pamene wopereka mimbayo wakhala phee pa benchi la abambo kapena ali ku Joni, ndi wovuta kuuteteza. Amati n'kuika zinthu poyera. Koma ndi tochi ija ya panjira: wina aoneke yense, wina asaoneke n'komwe.

Foni yawonjezera moto pa vutoli, chifukwa kababu kamene timaunikira njira ndi komwenso kamaunikira kamera. Munthu woganiziridwa kuti waba mbuzi kapena thumba la kachewere akagwidwa usiku, amazingidwa ndi mafoni owala, ndipo kusanache nkhope yake yotupa yafika pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kwa abale a ku Johannesburg. Ojambulawo saoneka. Akadzapezeka kuti sanabe, palibe batani lobwezera kanemayo. Choopsa kwambiri chimagwera nkhalamba zonamiziridwa ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe agogo akupitiriza kumenyedwa ndi kuphedwa m'maboma osiyanasiyana, kawirikawiri ndi achibale awo omwe, amene amakhulupirira kuti akuulula ntchito za mdima. Palibe gulu lachiwawa limene limadziona ngati la mdima. Onse amati akuunika.

Tsopano pali zotsutsa zimene sizingakankhidwire pambali. Choyamba n'chakuti dziko lathu lavutika ndi kubisa kuposa kuulula. Ndalama za boma zimene zinabedwa pa Cashgate, imene inaululika mu 2013, zinkatuluka mumdima wa maofesi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linadikira zaka zambiri, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2020. M'midzi, ana ogwiriridwa ndi amalume kapena abambo owapeza amatsekedwa pakamwa ndi mawu akuti izi ndi za m'banja, tisaonetse maliseche kubwalo. Kodi wolimbikitsa kuchepetsa kuwala sakupereka chofunda kwa anthu otere? Yankho langa n'lakuti tochi ili ndi zinthu ziwiri, mphamvu ndi kolozera, ndipo cholakwa chathu n'chakuti tinazitembenuza. Timawalitsa kwambiri pa ofooka, amene sangatibwezere kuwalako, n'kutsitsa mwaulemu tikafika pa amphamvu. Mtsikana wa sitandade 8 aimirire pamaso pa mpingo, koma buku la ndalama za chitukuko cha dera kapena mndandanda wa olandira fetereza wotsika mtengo zikhale m'dirowa. Muyezo wake si wovuta: funsani kuti kuchepetsako kukuteteza yani. Kukateteza amene alibe mphamvu, ndi chifundo. Kukateteza amene wagwira udindo, ndalama kapena chibonga, ndi kubisa mlandu. Pa nkhani ya mwana wogwiriridwa zonse ziwiri zimafunika nthawi imodzi, kuwala konse pa wolakwayo mpaka kupolisi ndi kukhoti, ndi chikhatho pa nkhope ya mwanayo. N'chifukwa chake nyuzipepala yodziwa ntchito yake imatchula dzina la wopalamula koma osati la mwana.

Chotsutsa chachiwiri n'chowawa kwambiri, ndipo ndimachipatsa ulemu. Anthu a ku Kasinje kapena ku Bilira satsitsa tochi chifukwa cha nzeru zakuya. Amatsitsa chifukwa mabatire ndi ndalama, ndipo ndalamayo inachepa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Mwana wokonzekera mayeso a MSCE amene akuwerenga ndi tochi yofooka safuna kumva za ubwino wa kuwala kochepa. Mzamba amene akuchiritsa mayi usiku magetsi atathima, foni ataluma pakamwa kuti manja onse agwire ntchito, akufuna kuwala kochuluka ndithu. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo palibe amene anayamika mdimawo. Kutamanda kuchepa pakati pa anthu osowa kungakhale chipongwe cha munthu wokhuta. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake ntchito ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi ndiponso kufala kwa nyali za sola ziyenera kufulumira. Koma taonani chimene chimachitika kumene kuwala kuli kochuluka. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu okonda matochi amene amalipira ndalama zambiri pogula tochi yoti aziisintha okha, yokhala ndi pulogalamu yonga Anduril, imene imalola mwini wake kukweza kapena kutsitsa kuwala pang'onopang'ono pongogwira batani, kusankha poyambira, ndi kuchotseratu kuphethira kuja ngati sakukufuna. Chimodzi mwa zimene amanyadira kwambiri ndi kuwala kotsikitsitsa kumene amakuyerekeza ndi kwa mwezi, kosafika ngakhale lumen imodzi, pamene kandulo imapereka pafupifupi 12. Amakufuna kuti adzuke usiku osadzutsa mnzawo ndiponso osawononga maso awo. Wosauka ndiye amene amagulitsidwa tochi yoyambira pamwamba nthawi zonse, yoti kuti aithimitse ayenera kudutsa kaye pa kuphethira kodzutsa nyumba yonse. Choncho mphamvu yosankha muyezo si chitonthozo cha amphawi. Ndi chinthu china chimene amphawi amamanidwa, pamodzi ndi kuwala kwenikweniko.

Chachitatu ndi funso lakuti muyezowo auike ndani. Wolamulira aliyense wankhanza amati anthu sanakhwime moti n'kumva zonse. M'nthawi ya Kamuzu Banda, bungwe lounika mabuku ndi mafilimu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 linkasankhira Amalawi zoti awerenge, ndipo panafunika kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 kuti zimene aliyense ankanong'ona zinenedwe mokweza. Kodi kumeneko sikunali kuchepetsa kuwala? Kunali kuthimitsa, ndipo pali njira yosiyanitsira. Kuchepetsa koona kumachitika chifukwa cha maso a woonayo, ndipo kumakwera maso akamazolowera. Kubisa kumachitika pofuna kuteteza wogwira tochi, ndipo sikukwera mpaka wina atamulanda. Mwambo wathu wa uthenga wa maliro umaonetsa bwino zimenezi. Mayi akamwalira ku Ntcheu mwana wake ali ku Lilongwe, otumiza uthenga kawirikawiri amayamba ndi mawu akuti matenda akula, nyamukani. Iye amanyamuka mtima ukukonzeka panjira, ndipo akamatsika basi amakhala atadziwa kale theka, asanamve kulira. Palibe amene anganene kuti wanamizidwa, chifukwa choonadi chonse chimamufika tsiku lomwelo, ali pakati pa abale oti amugwire. Dokotala wabwino amachitanso chimodzimodzi pouza munthu za matenda osachiritsika. Palinso mayeso ena. Mose uja ankavula nsalu ija akamalowa kukalankhula ndi Mulungu, kusonyeza kuti sankabisa nkhope yake kwa amene akanamuweruza. Wolamulira amene amachepetsera anthu nkhani koma iye osalola kuunikidwa ndi wina aliyense walephera mayeso amenewa.

Pali malo amene tochi iyenera kuyaka ndi mphamvu zonse popanda kufunsa: pa udzu wa m'mbali mwa njira m'nyengo ya mphiri, kukhola agalu akauwa, pa mtsinje wosefukira pamene mwana wasowa, pa bala limene likusokedwa, pa mabuku a ndalama za mpingo ndi za khonsolo. Onsewa ndi malo amene chounikidwacho ndi chinthu, ngozi, kapena udindo. Nkhope ya munthu wamba sili pa mndandandawu. Kwa achitetezo a m'mudzi amene amalondera usiku, pempho n'lakuti tochi iziyambira kumapazi ndipo moni azitsogola, chifukwa ambiri oyenda usiku akuchokera kuchigayo, kumaliro kapena kuchipatala. Kwa achinyamata, foni ibwerere m'thumba munthu akagwidwa, ndipo wogwidwayo apite kwa amfumu kapena kupolisi. Ndipo kwa inu abusa ndi akulu a mpingo, ngati dzina la mtsikana liyenera kuwerengedwa Lamulungu, la mwamunayo liwerengedwe limodzi nalo. Ngati zimenezo simungathe, nkhani ya onse awiri ithere m'chipinda cha akulu a mpingo.